Tifunseni za Ziweto: Kodi Galu Amabadwa Wolusa?

Mwezi uno makalata ambiri amene andipeza kuno ku Ngabu akukamba za agalu, choncho eni mbuzi ndi ng'ombe mundipirire mpaka mwezi wamawa. Ndasankhapo anayi. Ndayamba ndi ya a Mfumu chifukwa ndi imene yandisowetsa tulo. Maina ndawachotsa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Bambo Mlangizi, ine ndine nyakwawa ya mudzi wina kufupi ndi Miseu Folo. Mnyamata wina wa m'mudzi mwanga atabwera ku Joni anagula chigalu ku Blantyre, chamutu ngati mtondo, akuti mtundu wake ndi boerboel. Sabata zitatu zapitazo galuyu anadula chingwe n'kuluma mwana wa zaka 7 amene ankapita kumjigo. Mwanayo anasokedwa pantchafu ndipo pano akupezako bwino. Anthu akwiya kwambiri. Akufuna ndilamule kuti agalu onse achizungu, ndi ana awo osakanizika ndi achikuda, aphedwe kapena achoke, ndipo pasadzapezekenso woweta mtundu umenewu. M'mudzimu muli agalu otere asanu. Anayi enawo sanalumepo munthu, ndipo mmodzi ndi wa mayi wamasiye amene amadalira galuyo kulondera mbuzi zake. Bwalo lili kumapeto kwa mwezi uno. Ndigamule bwanji?

YANKHO: Mfumu, ndiyambe ndi mwanayo. Mwanena kuti anasokedwa, koma simunanene ngati anabayidwa katemera wa chiwewe. Ngati galu uja akadali moyo ndipo akudya, akumwa bwinobwino, mtima ukhale m'malo, pakuti galu amene chiwewe chafika kale m'malovu satha masiku 10 asanaonetse matenda kapena kufa. Koma ngati anafa, anaphedwa kapena anasowa, ndipo mwanayo sanalandire jakisoni, tumani munthu lero lomwe akauze makolo apite naye kuchipatala, ngakhale papita sabata zitatu.

Mkwiyo wa anthu anu ndikuumva ndipo sindikuunyoza. Nanenso zidzukulu zanga zimatunga madzi pamjigo. Koma mlandu umene uli pabwalo lanu ndi wa munthu mmodzi ndi galu mmodzi. Ena adzakuuzani kuti ikaola imodzi zaola zonse. Muwayankhe kuti mwambi umenewu umanena nsomba za m'dengu limodzi, pamene agalu asanuwa aliyense ali pakhomo pake, akudya m'mbale yake, akuleredwa ndi mbuye wake.

Musanagamule, pitani nokha pamene galuyo ankamangidwa. Onani kutalika kwa chingwe. Onani ngati pamakhala mthunzi dzuwa likafika paliwombo. Funsani kuti mbale ya madzi amaidzaza kangati patsiku, amadya kangati, ndiponso ndi liti pamene mbuye wake anamumasula n'kuyenda naye. Funsaninso ana, mofatsa, ngati amamugenda akamadutsa. Kumudzi kwanu sindinafikeko, koma pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto, kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka, agalu amene ndinaitanidwira kuti aluma koopsa, kupatula achiwewe, ndinkawapeza ali mumkhalidwe umodzi. Chingwe chachifupi, khosi lonyuka, dothi lokumbika kuzungulira mtengo, chimbale chouma chili chafufumimba. Inu mukudziwa mmene kumatenthera kuno mu Okutobala ndi Novembala, mpaka kupitirira madigiri 40. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja, ndipo galu wa makilogalamu 60 amavutika ndi dzuwa limeneli kuposa wathu wachikuda.

Galu womangidwa usana ndi usiku sangathawe chimene akuchiopa. Mwana akamugenda alibe kolowera. Galu mnzake akamudyera chakudya amangouwa chingwe chikumukoka pakhosi. Tsiku ndi tsiku amaphunzira kuti chilichonse chodutsa ndi mdani, ndipo tsiku limene chingwe chaduka amathamangira woyamba kumuona. Kawirikawiri woyambayo amakhala mwana, chifukwa ana ndi amene amathawa akukuwa.

Maganizo a anthu anuwa si achilendo. Maiko ena anawayesa kale ndi malamulo a boma. Ku Britain, mu 1991, anakhazikitsa lamulo lotchedwa Dangerous Dogs Act, loletsa mitundu inayi ya agalu kuphatikizapo pit bull terrier. Anthu ogonekedwa m'zipatala za ku England chifukwa cholumidwa ndi agalu anapitirirabe kuchuluka, okonda agalu oopseza nawo anangosamukira ku mitundu ina, mpaka kumapeto kwa 2023 boma linawonjezera mtundu wina, XL Bully, pamndandandawo. Ku Netherlands analetsa pit bull mu 1993 ana atatu atafa, koma mu 2008 anachotsa lamulolo ataona kuti kulumidwa sikunachepe. Dziko la Italy nalo linali ndi mndandanda wa mitundu yoopsa, ndipo mu 2009 linauchotsa n'kusenzetsa udindo mwini galu. Ngati maiko okhala ndi apolisi ndi madokotala a ziweto ambirimbiri sanathetse vutoli posankha mitundu, sindikuona kuti bwalo la m'mudzi lingalithetse mwa njira yomweyo.

Ku America akatswiri anafufuza imfa 256 za anthu olumidwa ndi agalu pakati pa 2000 ndi 2009, zotsatira zake n'kutuluka mu 2013. Pa imfa 87 mwa 100 zilizonse panalibe munthu wamkulu pafupi woti n'kuleretsa. Pa 84 mwa 100 galuyo anali wosathena. Pa 76 mwa 100 anali galu wongosungidwa kuseri, wosazolowerana ndi anthu a pakhomo. Mtundu weniweni wa galu anatha kuutsimikiza pa imfa zosakwana 18 mwa 100. Mfundo yomalizayi muiganizire bwino, Mfumu. Pabwalo lanu adzaloza ndani kuti uyu ndi wachizungu, uyu ndi wachikuda? Agalu athu asakanizika kalekale, ndipo galu wachikuda weniweni akhoza kubereka mwana wa chimutu chachikulu. Mukapereka lamulo limenelo, amene akukangana ndi mnzake pa malire a dimba adzangoti galu wa uje ndi wachizungu, basi mlandu wa dimba wathera pa galu.

Komabe sindikubisirani, kukula kwa galu kuli ndi kanthu. Boerboel anamuwetera pa mafamu a ku South Africa kuti azilondera, ndipo mtima wolondera amabadwa nawo. Kuluma kwa galu wa makilogalamu 15 n'kosiyana ndi kwa wa makilogalamu 60. Choncho woweta galu wamkulu asenze katundu wamkulu kuposa mnzake. Walira mvula walira matope.

Ine ndikanakhala pampando wanu, mnyamatayo ndikanamulipiritsa zonse zimene makolo aononga, thiransipoti, mankhwala, masiku amene alephera kupita kumunda, ndi chindapusa pamwamba monga mwa mwambo wanu. Galuyo ndikanaitana mlangizi wa ziweto wa dera lanu adzamuone. Ngati akuti angasungike, mwini wake amange mpanda wolimba wokhala ndi mthunzi ndi madzi, amuthene, amubayitse, ndipo asatuluke naye kunja popanda chingwe chogwiridwa ndi munthu wamkulu. Akakana, kapena galuyo akadzalumanso, alandidwe, ndipo munthu ameneyo asadzaloledwenso kuweta galu wina aliyense m'mudzi mwanu, ngakhale wachikuda. Nthawi zina galu amakhala ataonongeka maganizo moti sangakonzeke, ndipo kumupha kumakhala koyenera. Zikafika pamenepo achite ndi a zaziweto, mwachangu ndi mosazunza. Asamuphe ndi miyala ndi zibonga ana akuonerera. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, komanso mwana amene waonerera zotere mawa amakagenda galu wina womangidwa.

Kenako mlembi wanu agule kope. Alembemo galu aliyense wa m'mudzimo, wachizungu ndi wachikuda yemwe, dzina la mwini wake ndi tsiku limene anabayidwa. Lamulo likhale limodzi kwa onse: palibe galu wogona pachingwe padzuwa, palibe galu wosabayidwa, ndipo galu akaluma mlandu ndi wa mbuye wake.

Mayi wamasiye uja mumupemphe abwere kubwalo ndi galu wake pachingwe. Anthu aone okha mmene galu wamkulu woleredwa bwino amakhalira pansi pakati pa gulu. Inu ndi ine tikudziwa mmene akuba ziweto atisautsira m'chigwa chino. Mukamulanda galu ameneyo, mwamulanda mbuzi zake zomwe.

FUNSO: Ine ndine mnyamata wa ku Nchalo, ndimadula nzimbe komanso ndili ndi kagolosale. Akuba andithyolera kawiri. Ndagula kagalu ka sabata zisanu pamsewu, wogulitsayo anati ndi pit bull. Anzanga akuti kuti kadzakhale kolusa ndikatsekere m'kanyumba kamdima, kasamaone munthu wina koma ine ndekha, ndizikaikira tsabola ndi mavu m'chakudya komanso ndizikafukizira chamba. Mkazi wanga ndi woyembekezera ndipo akuchita mantha. Aneba akuti ndikaphe kasanakule. Ndichite chiyani?

YANKHO: Achimwene, musakaphe, ndipo malangizo a anzanuwo muwataye onse. Alamu akuopa zoona, chifukwa galu amene anzanuwo akufuna mupange ndi amene angadzalume mwana wanu amene ali m'njirayo.

Taganizani ntchito imene mukufuna galuyu adzagwire. Mlonda wabwino amasiyanitsa wakuba ndi kasitomala, amasiyanitsa wokwera mpanda usiku ndi apongozi obwera kudzaona khanda. Galu amene wakulira mumdima sadziwa munthu aliyense, ndiye aliyense kwa iye ndi woopsa. Chimene anthu amachitcha ukali mwa galu wotere ndi mantha. Tsabola amamutentha m'kamwa ndi m'mimba, mavu amamuluma, chamba chimamudwalitsa, amayenda dzandidzandi n'kumadzikodzera. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimaphunzitsa galu kulondera. Wakuba amathawa galu wouwa amene akudzutsa mwini nyumba, ndipo galu aliyense wokonda pakhomo pake amauwa popanda womuuza.

Kagalu kanuko anakachotsa kwa make msanga. Kanayenera kuyamwa ndi kusewera ndi abale ake mpaka sabata 8, chifukwa ndi m'masewera amenewo mmene kamaphunzirira kuti ukaluma mnzako mwamphamvu amalira n'kukusiya. Ntchito imeneyo tsopano yagwera inu. Kakakulumani chala posewera, nenani kuti "ayi", chotsani dzanja, kasiyeni kanthawi. Musakamenye. Kuyambira sabata yachitatu mpaka cha m'ma 12 kapena 14 ndi nthawi imene galu amaphunzira zinthu zoti asadzaziope moyo wake wonse, ndipo nthawiyo ikadutsa sibwereranso. Ndiye m'malo mokabisa, kaonetseni dziko. Alamu azikapatsa chakudya ndi dzanja lawo. Ana a aneba azikasisita inu mulipo. Kaone agogo a ndodo, anyamata a kabaza, mbuzi, nkhuku, kamve phokoso la chigayo ndi la mathirakitala a nzimbe. Poti sikanamalize katemera, muzikanyamula m'manja mukamapita nako pamene pamayenda agalu ena.

Za mtundu wake, ndikukayika ngati ndi pit bull weniweni, chifukwa ogulitsa pamsewu kagalu kalikonse konenepa amakapatsa dzina limene likukwera mtengo. Koma tinene kuti ndi zoona. Mtundu umenewu unachokera ku agalu amene ku Britain ankawamenyanitsa ndi ng'ombe komanso okhaokha. Ndi amphamvu, ndipo ena a iwo sagwirizana ndi agalu anzawo kapena ziweto zing'onozing'ono, choncho maso anu asachoke pa iye. Kumapeto kwa 2022 ku South Africa ana angapo anafa atalumidwa ndi agalu amenewa, anthu zikwizikwi n'kusaina kalata yopempha boma kuti liwaletse. Zimenezi sindizichepetsa. Koma mumvenso izi. Mu 2007, ku America, boma linalanda agalu a mtundu umenewu pafupifupi 50 kwa katswiri wa mpira Michael Vick, amene ankawamenyanitsa. Ambiri ankati aphedwe onse. Atawayesa mmodzimmodzi, mmodzi yekha ndi amene anaphedwa chifukwa cha ukali, ndipo 47 anaperekedwa kwa osamala nyama, ambiri mwa iwo n'kudzakhala m'makomo a anthu. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2022 m'magazini ya Science, atafunsa eni agalu oposa 18,000 ndi kuyeza chibadwa cha agalu oposa 2,000, anapeza kuti mtundu umafotokoza magawo 9 okha mwa 100 a kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi mnzake.

Sabata ino pitani kwa mlangizi wa ziweto mukafunse mankhwala a njoka zam'mimba ndi katemera wa parvo, matenda otsegula m'mimba mwa magazi amene amamaliza tiana ta agalu. Amayamba kubaya pa sabata 6 mpaka 8 n'kubwereza. Wa chiwewe kabayidwe kakakwana miyezi itatu, kapena msanga ngati a katemera afika m'dera lanu. Kakafika miyezi 6 mukambirane naye za kuthena. Kuthena sikusintha galu wozunzidwa kukhala wofatsa, koma kumachepetsa kuyendayenda usiku ndi ndewu zolimbirana akazi.

Chakudya chisakhale mkute woviika m'madzi basi. Phikani phala kapena nsima ya mgaiwa, musakanize ndi bonya kapena matemba osinja, ndipo poti ndi kakang'ono kazidya kanayi patsiku. Madzi asaphwe m'mbale. M'mawa musanapite kumunda wa nzimbe ndi madzulo kukazizira, tengani mphindi zisanu kukaphunzitsa mawu atatu, "bwera", "khala" ndi "siya", kansomba kali m'dzanja. Galu amene amabwera mukamuitana ndi amene mungamuletse tsiku la ngozi.

Khanda likabadwa, lisasiyidwe pamphasa lokha ndi galu ngakhale mphindi imodzi, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani. Izi ndimauza aliyense, kaya ali ndi pit bull kaya wachikuda. Ndipo muwerengere bwino m'thumba, achimwene. Galu ameneyu adzadya tsiku lililonse kwa zaka 10 kapena kuposerapo. Mukaona kuti simukwanitsa, mupatseni wina amene angathe panopa akadali wamng'ono, inu mugule loko wabwino ndi zitsulo za pawindo.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Makhanga. Tili ndi galu wachikuda wamkazi. Madzi a Freddy atabwera mu Malichi 2023 anasambira kutitsatira mpaka kumtunda, ndipo ndimamukonda. Koma bambo a kunyumba amakana kuti akabayidwe. Amati katemera ndi wa agalu a mabwana, ndiponso kuti galu wobayidwa amafooka, sasakanso. Anthu amamugenda, wina anamuthira madzi otentha pamsana. Kodi galu wachikuda ndi wachabechabe?

YANKHO: Mayi, takhuta polemba, chifukwa kalata yanu yaonetsa mbali ina ya tsankho lomweli. Galu wachizungu timamuopa chifukwa cha mtundu wake, wachikuda timamunyoza chifukwa cha mtundu wake, ndipo kunyozako ndi kumene kwatiphera anthu ambiri m'chigwa chino.

Mwanambwa wanuyo si wachabechabe. Agalu amenewa akhala ndi makolo athu kuyambira kalekale, ndipo akatswiri a kum'mwera kwa Africa anawapatsa dzina loti Africanis. Ubweya wake ndi waufupi, thupi lopepuka, miyendo yaitali, mphuno yaitali yopumira bwino pa dzuwa la ku Makhanga. Amapirira nkhupakupa ndi kutentha kumene kumagwetsa agalu ogulidwa ndi ndalama zambiri. Munthu akandifunsa galu woyenera kuno, ndimamuloza ameneyu.

Bambo muwauze mwaulemu kuti katemera wa chiwewe safooketsa galu, samuletsa kununkhiza, kuthamanga kapena kubereka. Ndabaya agalu osaka ambirimbiri ndipo eni ake ankabwera nawonso chaka chotsatira. Galu wolowa m'tchire ndiye ayenera kubayidwa patsogolo pa onse, chifukwa amakumana ndi nkhandwe ndi agalu a midzi ina. Ndinenepo pang'ono apa kwa amene amalowetsa agalu ku Lengwe, ku Mwabvi kapena ku Majete: ndi mlandu, ndipo matenda amayenda mbali zonse ziwiri, kuchoka kwa galu kupita kwa nyama ndi kuchoka kwa nyama kubwera pakhomo.

Chiwewe sichiona mtundu. Bungwe la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse, mpaka 99 mwa 100, amachitenga kwa galu. Pa anthu 10 olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Kafukufuku wa kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre, amene anatuluka mu 2007, anapeza kuti ana 14 mwa 133 amene anamwalira ndi matenda okhudza ubongo anali ndi chiwewe, ndipo ena mwa iwo zizindikiro zawo zinkafanana ndi za malungo aakulu. Zizindikiro zikangoyamba, palibe mankhwala.

Sindidzaiwala kamtsikana kena ka kutsidya kwanu komweko. Kanatola kagalu panjira, kagaluko n'kukakanda padzanja. Bala lake linali ngati la munga, palibe anaganiza za chipatala. Patapita miyezi iwiri mwanayo anayamba kuopa madzi, kapu ikafika pakamwa khosi n'kumakana. Pamene uthenga unkandipeza kuti ndikaone agalu a m'mudzimo, maliro anali ataikidwa kale. Ndinabaya agalu tsiku lonse mpaka mdima, ndipo m'mudzi wonsewo munalibe galu wachizungu ngakhale mmodzi.

Ndinayendaponso ndi anthu a mfuti nthawi zimene kwalamulidwa kuti agalu onse amangidwe, oyendayenda aomberedwe. Zimene ndinaona n'zakuti pakapita miyezi yowerengeka agalu ena osabayidwa ankadzaza malo a ophedwawo, ndipo anthu anayamba kubisa agalu akamva kuti alangizi akubwera, ngakhale titanyamula katemera. Chimene chimadula chiwewe ndi kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse, chaka ndi chaka. Ndi njira imene bungwe la Mission Rabies lakhala likutsata ku Blantyre kuyambira 2015, mogwirizana ndi a zaziweto a boma. Galu wanu akabayidwa amakhala mpanda pakati pa galu wachiwewe ndi ana anu, ngakhalenso ana a munthu amene anamuthira madzi otentha uja.

Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 Seputembala, ndipo katemera wa agalu amakonda kuchitika nyengo imeneyo, koma musadikire. Funsani mlangizi wanu tsiku limene akubaya. Bambo akakanabe, apempheni apite nanu akamve okha kuchokera kwa mlangiziyo pamaso pa amuna anzawo. Chiphaso chimene adzakupatseni muchisunge m'pulasitiki pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana, kuti madzi akadzabweranso musadzachisiye. Bala la pamsanalo muzilitsuka ndi madzi owiritsa ozizira othira kamchere pang'ono, ntchentche zisaikirepo mazira.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 3 kwa Tengani. Ana anga ambiri amadutsa m'makomo a agalu pobwera kusukulu. Ndiwauze chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni kuti galu amene akudya, amene akugona, woyamwitsa ndi womangidwa sayandikiridwa, kaya ndi wamkulu kaya wamng'ono, kaya ndi wa kwawo komwe. Asagende galu. Aphunzire kuwerenga thupi lake: kuuma gwa, ubweya wa pamsana kuima, makutu kugona, kuonetsa mano, mchira kulowa pakati pa miyendo. Kugwedeza mchira sikutanthauza chikondi nthawi zonse. Galu akawathamangira asathawe ndipo asakuwe. Aime chilili ngati mtengo wa mlambe, manja pachifuwa, maso kumbali. Akagwetsedwa adzipinde, aphimbe khosi ndi makutu ndi manja. Izi musangowauza m'kalasi, tulukani nawo pabwalo ayeseze, wina akhale galu, mpaka thupi lizolowere.

Chachikulu, asabise. Mwana amaopa kukalipiridwa kuti wamuputa yekha galuyo, ndiye amabisa bala pansi pa yunifolomu. Auzeni kuti ngakhale kukandidwa kokha anene kwa wamkulu nthawi yomweyo. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe. Asapakepo dothi, tsabola kapena ubweya wowotcha wa galuyo. Pa katemera aliyense amene ndinagwirapo, amene ankabwera ndi agalu pamzere anali ana, ena atamanga ndi luzi, ena atanyamula tiana ta agalu m'beseni. Ndiye muitaneni mlangizi wa dera lanu adzayankhule nawo tsiku limodzi, ndipo mwana aliyense akafunse kunyumba ngati galu wawo ali ndi chiphaso.

A Mfumu a ku Miseu Folo, bwalo likatha mundilembere mmene mwagamulira. Mundiuzenso za mwana uja, ngati bala lapola ndiponso ngati wayambiranso kupita kumjigo.